Timasingano tisanu ta ku South Bronx

Kumalo ambiri kumene kwagwa tsoka, kaya ndi nkhondo, chivomezi kapena madzi osefukira, pakadutsa masiku mumapezeka chipinda kapena tenti momwe anthu akhala pamipando mozungulira, onse ali chete, aliyense ali ndi timasingano tisanu m'khutu lililonse. Sanavule zovala, sanafunsidwe dzina la matenda awo, ndipo palibe amene wawapempha kuti afotokoze zomwe maso awo anaona. Wobaya amapukuta khutu ndi thonje la sipiriti, amatsegula paketi ya timasingano tatsopano, topyapyala kwambiri, amatilowetsa pang'ono chabe m'khungu, n'kupita kwa wotsatira. Pakatha mphindi 30 kapena 45 amatizula n'kutiponya m'kabokosi kotayiramo zakuthwa. Ena amakhala atagona tulo pampando pomwepo, ena misozi itatsika. Ambiri akaona zimenezi amati ndi mankhwala akalekale a ku China omwe alendo achifundo abweretsera osauka, koma mbiri yake ikunena zina. Njira imeneyi yangopitirira pang'ono zaka 50, inabadwira m'dera la amphawi mumzinda wa New York, ndipo anaiyambitsa ndi ovutikawo eni ake. Mfundo yanga ndi yakuti chomwe chaiyendetsa kuchoka kumeneko mpaka kukafika m'misasa ya othawa kwawo si mphamvu ya singanoyo kwenikweni, koma dongosolo lomwe linamangidwa poizungulira: kuthandiza anthu ambiri pamodzi, osawapanikiza ndi mafunso, pamtengo wochepa, ndipo koposa zonse, singanoyo ili m'manja mwa munthu wa pakati pawo pomwepo.

Luso lobaya thupi ndi masingano, lotchedwa acupuncture, ndi la ku China ndipo lakhalako zaka zoposa 2,000. Koma mapu a khutu omwe amagwiritsidwa ntchito lero ndi a posachedwapa. Dokotala wa ku Lyon m'dziko la France, Paul Nogier, ankaona odwala ena ali ndi zipsera zowotchedwa pakhutu, zomwe sing'anga wina anawawotcha pofuna kuchiza ululu wa msana wotsikira m'mwendo. Anayamba kufufuza, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anafalitsa ganizo lakuti khutu lili ndi malo oimira ziwalo zonse za thupi. Akatswiri a ku China analandira ganizoli n'kulikulitsa. M'zaka zotsatira boma la Mao Zedong linkaphunzitsa alimi kwa miyezi yochepa kuti azipereka chithandizo choyamba m'midzi mwawo, masingano ndi zitsamba zili m'gulu la zida zawo. Awa ndiwo anatchuka ndi dzina lakuti madokotala osavala nsapato. Kenako mu 1972, dokotala wochita opaleshoni ya ubongo pachipatala cha Kwong Wah ku Hong Kong, H. L. Wen, ankakonzekeretsa wodwala wina pomubaya masingano oyendamo magetsi ochepa, ena mwa iwo m'khutu, kuti asamve ululu. Wodwalayo, yemwe ankasuta opium, ananena kuti kuphwanya kwa thupi komwe kumabwera munthu akasowa mankhwalawo kwatha. Wen anayesa pa odwala ena, ndipo mu 1973 analemba za anthu 40. Zinthu zitatuzi, mapu a ku France, chitsanzo cha alimi ochiza anzawo ndi zomwe Wen anapeza mwangozi, zinakakumana pamalo pomwe palibe akanayembekezera.

South Bronx, dera la ku New York lija, mu 1970 inali ya anthu akuda ndi anthu ochokera ku Puerto Rico, nyumba zikupsa, ntchito kulibe, heroin ali paliponse. Chipatala chawo cha boma, Lincoln, chinali m'nyumba yakale yowonongeka, ndipo anthu ankachitchula kuti butchala chifukwa cha momwe odwala ankatulukiramo. Pa 14 July 1970 gulu la achinyamata a ku Puerto Rico lotchedwa Young Lords, mothandizana ndi ena ogwira ntchito pachipatalapo, linalowa n'kulanda nyumba imodzi kwa maola pafupifupi 12, likufuna kuti chipatala chiyambe kumvera eni dera. Mu November chaka chomwecho anabweranso pamodzi ndi a gulu la anthu akuda la Black Panther Party ndi anthu ena omwe anasiya heroin, n'kukhazikika m'nyumba yogona anamwino, ndipo anatsegula malo othandizira ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo. Anthu anabwera mazanamazana. Akuluakulu a mzinda anakakamizika kuvomereza ndi kupereka ndalama, ndipo malowo anadziwika kuti Lincoln Detox. Poyamba ankagwiritsa ntchito methadone, mankhwala omwe amaletsa chibaba cha heroin, akumachepetsa mlingo tsiku ndi tsiku. Koma ambiri mwa iwo sankamukhulupirira methadone. Ankati boma langosintha unyolo wina ndi unzake, popeza munthu amatha kudalira methadone kwa zaka, akumafola pawindo m'mawa uliwonse. Lero tikudziwa kuti methadone amapulumutsa miyoyo yambiri, ndipo pamenepa iwo anapitirira malire. Koma mantha awo sanali opanda maziko kwa anthu omwe anali ataona kale momwe zipatala zinkachitira ndi matupi a anthu akuda.

Atamva za Wen, anayamba kuyesa masingano cha m'ma 1974. Mmodzi wa atsogoleri a ntchitoyi anali Mutulu Shakur, yemwe dziko limamudziwa kwambiri ngati bambo womupeza wa woimba Tupac Shakur. Iye ndi anzake angapo anakaphunzira lusoli ku Montreal m'dziko la Canada, pansi pa Mario Wexu, n'kubwerera kudzaphunzitsa ena. Apa mpomwe umphawi unaumba njira yonseyo, ndipo n'kofunika kuchedwapo. Analibe zipinda zokwanira kuti wodwala aliyense agone pabedi lakelake, choncho anasanja mipando m'holo imodzi. Munthu wokhala pampando pakati pa anzake sangavule, choncho khutu, lomwe lili poyera, linakhala malo oyenera. Makina a magetsi omwe Wen ankagwiritsa ntchito anasiyidwa, ndipo ogwira ntchito anaona kuti masingano opanda magetsi ankakhazika anthu mtima pansi bwino lomwe. Popeza obaya ambiri sanali madokotala koma anthu a m'deramo, ena a iwo omwe dzulo lake anali odwala, panafunika njira yosavuta kuphunzira ndiponso yovuta kulakwitsa, ndipo m'kupita kwa zaka anakhazikika pa malo asanu a khutu omwe sasintha, kaya wabwerayo ndi ndani. Atatu amatchulidwa ndi mayina a ziwalo, impso, chiwindi ndi mapapo; lachinayi limatchulidwa ndi minyewa yomwe imadzidzimutsa thupi pangozi, ndipo lachisanu lili ndi dzina la Chitchaina, shen men. Chilichonse chomwe lero chimayamikiridwa ngati nzeru ya njirayi chinayamba ngati kusowa. Munthu woledzera, wokwiya, wosafuna kulankhula kapena wonama za zomwe wamwa ankatha kulowa, kukhala pansi ndi kulandira chithandizo tsiku lomwelo, popanda kulonjeza chilichonse.

Lincoln Detox sinali chipatala chokha. Odwala ankaphunzitsidwanso ndale, akumafunsidwa kuti heroin amafika bwanji m'dera lawo ndipo amapindula ndani. Izi sizinasangalatse akuluakulu. Mu November 1978 meya Ed Koch anatumiza apolisi kukatseka malowo, akunena za kusayenda bwino kwa ndalama, ndipo atsogoleri a ndale aja anachotsedwa. Shakur anakatsegula malo ena ku Harlem mu 1980, koma mu 1988 anapezeka wolakwa pa milandu yokhudza kuba ndi mfuti, kuphatikizapo kulanda galimoto ya ndalama ya kampani ya Brink's mu 1981 komwe kunafa mlonda ndi apolisi awiri. Anakhala m'ndende mpaka kumapeto kwa 2022 ndipo anamwalira mu 2023. Mbali imeneyi ya mbiri siyenera kubisidwa, monganso sikoyenera kufufuta dzina lake pa ntchito yomwe anaiyamba, zomwe zinachitika kwa zaka zambiri. Ntchito ya masingano inapitirira ku Lincoln pansi pa dokotala wa matenda a maganizo Michael Smith, ndipo mu 1985 iye ndi anzake anakhazikitsa bungwe la National Acupuncture Detoxification Association, mwachidule NADA, lomwe dzina lake ndilo njirayi imadziwika nalo lero. Ndale zinachotsedwamo, ndipo njirayi inalowa m'ndende, m'makhoti ndi m'zipatala. Khoti loyamba la ku America loweruza mwapadera ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, lomwe linatsegulidwa ku Miami mu 1989, linaitenga. Chinthu chimodzi cha ku Lincoln chomwe Smith anachigwiritsitsa ndi chakuti wobaya asakhale katswiri yekha: namwino, mlangizi kapena munthu wamba angathe kuiphunzira m'maola pafupifupi 70.

Kuchoka kwa osuta heroin kupita kwa opulumuka pankhondo sunali ulendo wautali, chifukwa zomwe odwala a ku Lincoln ankayamikira kwambiri zinali tulo ndi kukhazikika kwa mtima, ndipo ambiri a iwo anali ndi mabala a mumtima kale asanayambe mankhwala. Mu 1994, nkhondo ya ku Guatemala ikupita kumapeto, bungwe la GUAMAP linayamba kuphunzitsa acupuncture kwa azaumoyo a m'midzi pakati pa anthu obwerera kuchokera ku Mexico komwe anathawira, omwe anakakhazikika m'nkhalango za ku Petén kutali ndi zipatala. Nyumba zazitali za ku New York zitagwetsedwa pa 11 September 2001, chipatala cha St. Vincent's chinatsegula malo obayira m'khutu kwa ozimitsa moto, ogwira ntchito zachipatala ndi anthu a m'deralo. Mphepo yamkuntho ya Katrina itamiza New Orleans mu 2005, Diana Fried anakhazikitsa bungwe la Acupuncturists Without Borders, lomwe linathandiza anthu masauzande ku Louisiana m'matchalitchi, m'matenti ndi panja, kenako linapita ku Haiti chivomezi cha 2010 chitachitika ndi ku Nepal mu 2015. Koma chitsanzo chomwe chikufanana kwambiri ndi Lincoln ndi cha ku Uganda. Ziwawa zotsatira chisankho cha ku Kenya cha mu December 2007 zinapha anthu oposa 1,000 ndi kusamutsa mazana a masauzande, ndipo ena anawolokera ku Uganda, komwe pambuyo pake anakawasungira ku Kiryandongo. Mu 2008 aphunzitsi awiri a ku America, Megan Yarberry ndi Beth Cole, anaphunzitsa othawa kwawo 21 njira ya NADA. Malinga ndi zomwe aphunzitsiwo analemba, anthu amenewa anabaya anzawo maulendo oposa 18,000 m'miyezi isanu ndi umodzi. Alendo awiri odzangodutsa sakanatha kuchita zimenezo.

N'chifukwa chiyani njira yotere imalandiridwa pamsasa? Bungwe la World Health Organization linawerengera mu 2019 kuti pa anthu asanu alionse okhala kumene kwachitika nkhondo, mmodzi amakhala ndi vuto la maganizo monga kukhumudwa kwakukulu, nkhawa kapena PTSD, matenda omwe munthu amangoona zoopsa zija zikubwerera, akumadzidzimuka ndi kubwebweta usiku. Madokotala a maganizo pamalo otere ndi osowa kwambiri. Komanso ngakhale atapezeka, chithandizo chawo chimadalira kulankhula, ndipo kulankhula pamsasa kuli ndi mtengo wake. Mayi amene anagwiriridwa ayenera kufotokoza kudzera mwa womasulira yemwe mwina ndi mnansi wake wa tenti yoyandikana. Mnyamata amene anakakamizidwa kupha akudziwa kuti mawu ake angamubweretsere mlandu. Bambo safuna kuonedwa akulowa pakhomo lomwe aliyense amati ndi la amisala. Anthu ambiri sanena n'komwe kuti avulala mumtima; amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, thupi likuphwanya, tulo sitikubwera. Njira yoyambira pathupi imakumana nawo pomwe iwo eni akuloza. Ndipo pali umboni wochokera kwina wosonyeza kuti kusafunsa si ulesi. Kwa zaka zambiri opereka thandizo ankasonkhanitsa opulumuka tsoka litangochitika kuti aliyense afotokoze zonse mwatsatanetsatane pa nthawi imodzi, poganiza kuti akatulutsa za kumtima apepukidwa. Kafukufuku atasonkhanitsidwa ndi bungwe la Cochrane anaonetsa kuti mchitidwewu suteteza ku PTSD ndipo ena umawawonjezera mavuto. Lero World Health Organization imalangiza kuti anthu asakakamizidwe kulankhula, koma apatsidwe chitetezo, bata ndi wina wokhala nawo pafupi. A ku Lincoln anafika pamfundo yomweyi kale, osati chifukwa cha kafukufuku koma chifukwa odwala awo akanathawa akanapanikizidwa.

Wotsutsa wanzeru anena kuti zonsezi sizikuyankha funso lenileni: kodi timasinganoto timachiza? Funsoli ndi lolemera, ndipo umboni wake sukomera okonda njirayi. Kafukufuku wina wamng'ono anapereka chiyembekezo, monga wa ku Minneapolis wa mu 1989 pa zidakwa 80 ndi wa ku Yale wa mu 2000 pa ogwiritsa ntchito cocaine. Koma wamkulu kwambiri, yemwe Arthur Margolin ndi anzake anafalitsa mu 2002 m'magazini ya zachipatala ya JAMA, anatenga anthu 620 ogwiritsa ntchito cocaine m'malo asanu ndi limodzi n'kuwagawa patatu: ena anabayidwa pamalo a NADA, ena pamalo ena a khutu omwe sakhulupiriridwa kuti amathandiza, ena anangokhala pansi akuonera zithunzi zotsitsimula. Magulu onse atatu anachepetsa cocaine mofanana. Pa PTSD, Michael Hollifield anapeza mu 2007 kuti acupuncture inathandiza mofanana ndi uphungu wa pagulu, ndipo mu 2024 anapeza kuti asilikali akale 93 omwe anawagawa pawiri, obayidwa mwenimweni anapeza bwino kuposa obayidwa mongoyerekeza. Komabe m'kafukufuku ameneyu ankabaya thupi lonse, munthu mmodzimmodzi, pamanja pa akatswiri. Si njira ya timasingano tisanu ya pamsasa. Umboni wochokera m'misasa mwenimwenimo ndi malipoti a mabungwe ndi maumboni a olandira thandizo, ndipo munthu wopatsidwa chinthu chaulere ndi mlendo waulemu sachedwa kuyamika. Palibenso chomwe akatswiri a thupi apeza chotsimikiza kuti pakhutu pali malo olumikizana ndi chiwindi kapena impso monga Nogier anajambulira.

Ndikuvomereza zonsezi, ndipo amene amalengeza kuti masingano a m'khutu amachiza PTSD akunena zomwe sangathe kuonetsa. Koma taonani chomwe kafukufuku wa Margolin anafananitsa. Gulu lomwe silinabayidwe linkabwerabe, linkakhala pamalo abata, linkalandiridwa ndi munthu. Ngati magulu onse anachita mofanana, tanthauzo limodzi lotheka ndi lakuti malo enieni obayapo alibe kanthu, ndipo chomwe chimagwira ntchito ndi kubwerako, kukhala chete pakati pa anzako ndi kukhudzidwa ndi dzanja losafuna kukupweteka. Kwa wasayansi zimenezo ndi kugwa kwa chiphunzitso. Kwa mayi wa pamsasa amene sanagone bwino kwa miyezi, funso ndi lina: kodi pali china chomwe chingamutulutse m'tenti mwake kuti akakhale mphindi 40 mosaopa? Anthu sabwera kudzangokhala chete popanda chifukwa, ndipo bambo sangauze banja lake kuti akupita kukapuma ndi anzake ovulala mumtima. Koma anganene kuti akupita kukabayitsa, ndipo palibe amene amuseke. Singano imapereka chifukwa chovomerezeka chobwerera, imapatsa wobaya ntchito yooneka, ndipo imamupatsa mwayi woona tsiku ndi tsiku amene akuwonda, amene akunena zodzipha, amene wabwera ndi zipsera zatsopano, kuti amuperekeze kwa namwino. Phindu lotere ndi lenileni, koma ndi la khomo lolowera ku chithandizo, ndipo njirayi iyenera kulonjeza zokhazo.

Chitsutso chachiwiri chimandivutitsa kuposa choyamba. Chimati kupatsa osauka chithandizo chopanda umboni wokwanira, pomwe olemera amapeza madokotala ndi mankhwala oyesedwa, ndi kupitiriza tsankho lomwelo mokongoletsa. Boma kapena bungwe lingathe kuloza tenti ya masingano n'kunena kuti za maganizo zasamalidwa, pomwe wodwala misala yeniyeni, khunyu kapena wofuna kudzipha alibe mankhwala. Choopsachi chilipo, ndipo mbiri ya Lincoln ndiyo imatithandiza kuchiyeza. A Young Lords sanalande chipatala kuti apatsidwe masingano m'malo mwa madokotala. Ankafuna chipatala chatsopano, kuyezedwa kwa chifuwa chachikulu ndi kwa ana omwe anadya utoto wa mtovu, ndipo masingano anali gawo limodzi la kufuna kwawo kuti thanzi la dera likhale m'manja mwa eni dera. Njirayi ikachotsedwa pamaziko amenewo n'kusanduka ulendo wa milungu iwiri wa alendo odzabaya, kujambula zithunzi n'kubwerera kwawo, chotsala ndi chinthu chokhacho chomwe umboni wake ndi wofooka, singano. Pali nkhani ya ukhondonso. Ife amene tikudziwa momwe lumo limodzi lotemera mphini anthu angapo linasandukira choopsa m'nthawi ya HIV sitifunika kuuzidwa kawiri kuti chilichonse choboola khungu chimafuna chida chatsopano kwa munthu aliyense. Timasingano ta NADA timagwiritsidwa ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndipo n'totchipa, koma pamsasa timachokera kunja. Tikatha, wophunzitsidwa wosiyidwa yekha popanda womuyendera amakhala pa mayesero oti atiphike n'kutigwiritsanso ntchito, kapena ayambe kubaya pomwe sanaphunzitsidwe. Ndiye kuphunzitsa anthu 21 ndi chiyambi chabe. Pamafunika amene azitumiza timasingano chaka ndi chaka, kuwayendera, ndi kuwalipira, chifukwa wothawa kwawo nayenso ali ndi ana ofuna kudya.

Mkangano wa amene ayenera kugwira singano sunathe ngakhale ku America komweko. Zigawo zina zimalola anamwino, alangizi ndi anthu wamba ophunzitsidwa kubaya malo asanu aja, pomwe zina zimasungira ntchitoyi okhawo omwe anaphunzira acupuncture kwa zaka ndipo ali ndi ziphaso. Kumbali ina, akatswiri ena anatengera okha chitsanzo cha mipando: mu 2002 Lisa Rohleder ndi anzake anatsegula Working Class Acupuncture ku Portland, komwe odwala amakhala m'chipinda chimodzi ndipo aliyense amalipira monga angathere, njira yomwe yafalikira m'mizinda yambiri. Koma ngongole yaikulu yomwe ochirikiza njirayi ali nayo ndi ya kafukufuku, ndipo sangadzikhululukire ponena kuti ntchito ya anthu wamba siyesedwa. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu atakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo mu 2016 anafalitsa mu JAMA kafukufuku wa anthu 573 woonetsa kuti omwe anakhala pabenchiyo, yotchedwa Friendship Bench, anapeza bwino kwambiri kuposa omwe analandira chithandizo cha masiku onse. Zomwezo zingatheke pamsasa. Gulu lina libayidwe ndi anzawo pamalo asanu aja, lina libayidwe pamalo ena a khutu, lina lizingosonkhana mwabata popanda singano, ndipo awerenge zinthu ziwiri padera: ndi angati omwe ayamba kugona tulo, komanso ndi angati omwe akubwerabe pakatha miyezi itatu.